Watuluka ndi Bwana Wake

Pali mawu amodzi amene ndikawamva ndimapsa mtima, ngakhale wowanenayo alibe mlandu. Mawuwo ndi akuti bwana. Kwathu bwana ndi munthu amene wakulemba ntchito, basi. Ku Nairobi ndinakapeza kuti m'Chiswahili mawu omwewa amasenza katundu wambiri. Bwana ndi wa kuntchito, bwana ndi mwamuna wa mkazi, ndipo Bwana ndi Ambuye wakumwamba. Eni dziko sasokonezeka nazo, anabadwira momwemo. Osokonezeka tinali ife obwera, ndipo amene ndinapsa nazo ndine.

Ndinafika mumzindawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndili mbeta ya zaka zopitirira makumi atatu. Ndinkagwira ntchito ya ulembi m'bungwe lina la mayiko ambiri cha ku Gigiri. Bwana wanga, m'tanthauzo lathu lija, anali Mmalawi mnzanga, bambo wofatsa wa kamimba kake, amenenso anali mkulu wa mpingo. Iwo ndi adona awo ankakhala ku Runda, kumene mipanda ndi yaitali ndipo agalu amadya bwino kuposa alonda. Ine ndinkakhala ku Rongai, m'nyumba zosanjikizana zokhala ndi geti limodzi ndi mlonda wake. M'mawa uliwonse ndinkapanikizana ndi anthu m'matatu, timabasi tawo taphokoso tija, kudula mzinda wonse fumbi lili koboo. Amalawi anzanga ankandimvera chisoni. Ine ndinkasangalala, chifukwa kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga kiyi wa chitseko anali wanga ndekha.

Lamlungu loyamba la mwezi, masana, Amalawi tinkasonkhana kunyumba kwa a bwana. Masabata enawo aliyense ankapita kutchalitchi cha Akenya chapafupi, koma tsiku limenelo tinkapemphera m'Chichewa. Panali abusa amene anabwera kudzawonjezera maphunziro awo pa koleji ina, ndipo ndiwo ankatilalikira ndi kutipatsa mgonero. Ine ndinkayambitsa nyimbo. Musaone ngati chinali chinthu chaching'ono. Ukakhala mwezi wathunthu lilime likupindika ndi Chingerezi cha mu ofesi ndi Chiswahili cha pamsika, kenako nkumva chipinda chonse chikukuyankha nyimbo ya kwanu, mabesi ali pansi, misozi imabwera yokha. Panalinso china chimene tonse tinkachidziwa osachinena. Kudziko la eni, zovuta zikagwa kumudzi, gulu limeneli ndilo linkabwera kunyumba kwako kudzakhala nawe pansi ndi kukuimbira usanakwere ndege. Mayi anga ku Ntcheu anali akudwaladwala, choncho gulu lija ndinaligwira ndi manja awiri.

Madzulo ndinkaphunzira za mabuku pa yunivesite ina mumzindamo. Chaka chimenecho tinkawerenga nkhani zakale za ku Amerika, zolembedwa dzikolo lidakali lanthete. Buku lina linandikwiyitsa kwambiri, ndipo ndinkaliwerengera m'matatu chigongono cha munthu chili m'nthiti. Mkazi wa m'bukumo anali wochangamuka, ankafuna kudzisankhira yekha moyo wake. Abusa ndi amayi odzilemekeza anamuzinga ndi malangizo, ndipo atakonda mwamuna mosatsata njira yawo, wolembayo anangomupha m'mutu womaliza kuti atsikana atengerepo phunziro. Ndinauza aphunzitsi m'kalasi kuti wolembayu anali wamantha, anasowa chochita ndi mkazi wamoyo. Iwo anaseka, nati ndisadandaule, zimenezo zinali zamakedzana. Ine kupusa kwanga ndinavomera.

Tsono ine ndinali ndi munthu wanga. Anali Mkenya, makaniko wa ndege ku Embakasi, wofedwa mkazi kalekale. Tinakumana tsiku lina matatu itafera panjira mvula ikugwa. Iye anatsika kukathandiza dalaivala, nabwerera manja ali bii, ine nkumupatsa kansalu kanga kuti apukute. Anali munthu wosalankhulalankhula, wokonda tiyi wamkaka wambiri. Ndinkamukonda, ndikunena mosabisa. Anandifunsira ukwati kangapo, ine ndinkakana. Sikuti ndinkamukayikira ayi. Ndinakula ndikuona mayi anga akugwada popereka madzi kwa mwamuna amene dzulo lake anawatupitsa diso, ndipo ndinalumbira ndili kamtsikana kuti ndidzakhala m'nyumba yotseka ndi kutsegula ndekha. Iye anamvetsa, nati chabwino, ndizibwera Loweruka. Ndipo ankabweradi, nyama ya mbuzi ili m'pepala, nkukhala pakhitchini kumandimvera ndikuimba potsuka mbale.

Loweruka lina tinapita kukacheza kwa mlongo wake ku Nakuru, tinakagona komweko. Sabata yomweyo a bwana anali atanyamuka Lachisanu ndi kasutukesi kawo kupita kumsonkhano wa ntchito ku Mombasa. Adona, posowa chochita, anauza dalaivala wawo kuti awaperekeze ku Rongai adzandipatse nsalu ya yunifomu ya amayi a mpingo. Foni za m'manja zinali zisanachuluke, munthu ankangotulukira. Pageti anafunsa mlonda ngati ndilipo. Mlondayo, bambo wachikulire amene ankationa ine ndi munthu wanga Loweruka lililonse, anayankha mwaulemu kuti, "Ametoka na bwana yake, watarudi kesho." Ndiye kuti watuluka ndi mwamuna wake, abwera mawa.

Chiswahili cha adona chinali cholamulira wantchito ndi kutsitsira mtengo wa tomato. Iwo anamva mawu awiri okha, bwana yake, nawaika m'Chichewa: bwana wake. Ndipo bwana wanga ankamudziwa bwino, amagona naye chipinda chimodzi, ndipo anali atachoka dzulo lake ndi kasutukesi.

Nkhani ya Amalawi ku Nairobi inkathamanga kuposa matatu. Lolemba a bwana analowa mu ofesi nkhope ili gwa, osandipatsa moni. Pofika Lachitatu, mayi wina amene tinkaimba limodzi anandiona m'sitolo nakhotera kumashelefu a sopo. Ine osadziwa kanthu. Lachisanu ndi pamene abusa anandiimbira foni ku ofesi kuti ndikufunika ku Runda mawa lake masana, pali kankhani.

Ndinawapeza atakhala kale pabalaza: abusa, akulu a mpingo awiri, a bwana, adona maso ali psuu, ndi amayi ena awiri. Mipando yofewa inali itadzaza. Ine ananditengera kampando ka pakhitchini nakaika pakati. Atapemphera, abusa anapempha adona kuti afotokoze. Iwo anafotokoza akulira, ndipo ananditchula mayina amene sindingalembe pano. Anati anandilandira ngati mwana wawo, ndinkadya pa tebulo lawo, osadziwa kuti akuweta njoka. Ndinafunsa kuti mlondayo ananena chiyani kwenikweni, ndipo adona anabwereza mawu aja mmene anawamvera.

Mmodzi mwa akulu a mpingo aja anali atakhalitsa ku Kenya. Anayamba ndi kamwetulira, kenako anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Pepani abusa, pepani mayi," anatero akupukuta misozi. "Apa ndi misunderstanding chabe. Kuno mkazi akati bwana yangu, akunena mwamuna wake. Mlonda uja sankanena za ku ofesi ayi."

Mukanaona mmene chipinda chinamasukira. A bwana anapumira m'mwamba, nati, "Mayi, si ndinakuuzani?" Adona anatsika pampando nagwada pamaso pa amuna awo, kupepesa. Akulu a mpingo anagwira a bwana chanza, ati pepani bambo, dzina lanu likanaipa popanda chifukwa. Abusa anayamika Mulungu chifukwa chopulumutsa banja. Wantchito anaitanidwa kuti abweretse tiyi. Ine ndinakhala pa kampando kanga kudikira pepani wanga. Sanabwere. Ndinatola chikwama changa nkuimirira.

"Khalani kaye pansi, chemwali," anatero abusa, mawu ali ofewa. "Ngati mlonda uja sankanena a bwana awa, ndiye ankanena bwana uti?"

Ndinati imeneyo ndi nkhani yanga.

"Mumpingo mulibe nkhani ya munthu mmodzi," iwo anayankha. "Ndani bamboyo? Amapemphera kuti? Ankhoswe anu akumudziwa?"

Ndinati, "Abusa, posachedwa pompa ndimatchedwa wakuba amuna a eni. Zapezeka kuti ndi bodza. Aliyense wapepesa kwa a bwana. Ine amene ndatukwanidwa sabata yonse, palibe wandiyang'ana nkomwe."

Adona, amene maondo awo anali adakali ndi fumbi la kupepesa, ndiwo anandiyankha. "Pofuka utsi pali moto, chemwali. Mukanakhala ndi banja lanu lodziwika, ine sindikanaganiza zoipa. Mbeta yokhala yokha imaopsa."

"Mkazi amafunika mutu," abusa anawonjezera.

"Mutu ndili nawo, abusa," ndinatero. "Ndi uwu, ndabwera nawo."

Palibe anaseka. Ngakhale mkulu woseka uja anati chete, ndipo anachita bwino, chifukwa akazi ake anali ku Lilongwe ndipo tonse tinkadziwa kumene malaya ake ankachapidwa. Koma iye sanakhazikidwepo pa kampando ka pakhitchini. A bwana, amene ndinawagwirira ntchito mokhulupirika, amene ankadziwa kuti sindinawalakwirepo, anangoyang'ana m'kapu ngati mwagwera ntchentche.

Chigamulo chinatuluka tiyi asanazizire. Ndibweretse munthuyo aonekere, pachitike chinkhoswe, tidalitse ukwati. Apo ayi, ndadulidwa. Kudulidwa ndiye kuti mgonero sulandira, nyimbo suyambitsa, mpaka utaimirira pamaso pa mpingo wonse nkuvomera kuti unachimwa. Ndinatuluka m'geti la ku Runda lija ndili ndi ukali, osati mantha.

Munthu wanga atamva, anati nkhaniyi ndi yosavuta. Anati iye ndi wokonzeka kuyambira kalekale, tipite kwa abusawo, avala suti, ayankha mafunso onse. Ankanena ndi mtima wabwino, koma ndinamukalipira. Ndinati ndikadzafuna kukwatiwa ndidzamuuza ndekha, koma sindingakwatiwe chifukwa choti mayi wina samva Chiswahili. Anadzuka nkukateleka madzi a tiyi. Njira yapafupi inalipo, sindikana. Koma ndinkadziwa kuti ndikangolowa pakhomo limenelo mokankhidwa, tsiku lililonse ndizimuona munthu amene ndinkamukonda ngati chindapusa.

Sindinasiye kupita ku Runda. Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mbale ya mkate inkabwera mumzere wathu, nkundidumpha ngati ndine mzati. Nyimbo anapatsa mayi wa mashelefu a sopo uja, amene ankayambira pamwamba kwambiri mpaka azibambo kumangotsegula pakamwa. Abusa anali atatengera chizolowezi cha Akenya chotsegula mapemphero ndi mawu akuti "Bwana asifiwe," ndiye kuti Ambuye alemekezeke. Ndikamva, mano ankandilumana. Mulungu sindinakangane naye ayi. Koma ndinkaona kuti anthu awa anasanja abwana atatu pamwamba pa mutu wanga, ndipo ankakhulupirira kuti wachitatuyo sangandimve popanda chilolezo cha awiri enawo. Ndinkapirira chifukwa cha chinthu chimodzi. Ndinkati ngakhale andidule, tsiku la zovuta sadzandisiya.

Tsikulo linafika m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Mchimwene wanga anaimba foni ku ofesi m'mawa kuti mayi atisiya. Ndege yopita kwathu inali ya mawa lake. Ndinaimbira foni munthu wanga, nkubwerera ku Rongai osaona njira. Ndinamupeza wafika kale, wachoka kuntchito ndi ovolosi yake. Anali atabwereka mipando kwa oyandikana nawo, wagula buledi, ndipo nditangotsegula chitseko anatulutsa tebulo nkuika ketulo pamoto. Sanandifunse kanthu. Ankadziwa kuti anthu akwathu abwera.

Ndipo anabweradi, chilungamo ndinene. Masana magalimoto a ku Runda anali atandanda panja pa geti m'fumbi. Amayi anavala zitenje nakhala nane pansi, azibambo pamipando mpaka pakhonde. Adona anakhala pafupi nane nandigwira phewa. Mtima wanga unayamba kufewa. Ndinati kodi ndinkawaweruza molakwa anthuwa?

Abusa anaimirira, Baibulo lili m'manja. Anatsokomola.

"Abale, mayi atisiyawa anali Mkhristu wokhulupirika, ndipo kumudzi mpingo wawo uwaimbira mokwanira. Koma monga mukudziwa, m'nyumba muno muli nkhani imene sinathe. Choncho tiwerenga mawu ndi kupemphera. Nyimbo sitiimba."

Poyamba ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Ndinati, "Abusa, amwalira ndi mayi anga. Wodulidwa ndine. Iwo alakwa chiyani?"

"Mwambo wa mpingo sindinauyambe ndine, chemwali," anatero, osandiyang'ana. "Tikaimba muno, ndiye kuti tavomereza."

Pa zonse zimene anandichita anthu aja, ichi ndiye sindinakhululuke, ndipo sindinganamizire kuti ndinayesa. Kunditukwana ndinapirira. Kundidumpha ndi mkate ndinapirira. Koma kutenga maliro a mayi anga, mayi amene anagwada moyo wawo wonse monga mmene abusawo ankafunira, nkuwasandutsa chikwapu chondikwapulira ine, chimenecho ayi. Anadikira tsiku limene ndinalibe mphamvu, kuti andionetse mtengo wa kiyi wanga uja.

Atati ameni, chipinda chinati zii. Ndinamva mafoloko akugwa m'nyumba ya pamwamba, matatu ikuliza hutala kumsewu. Ndiye ndinayambitsa nyimbo. Inali imene mayi ankaikonda, ankaimba akuchapa Lolemba m'mawa. Ndi nyimbo ya mtundu uja woti woyambitsa amaponya mzere, gulu nkuwulandira. Ndinauponya mzerewo, nkuima pamalo pa oyankha.

Palibe anayankha. Anthu amene ndinawayambitsira nyimbo yomweyo kambirimbiri, amene ankaidziwa ngati dzina lawo. Ndinaona milomo ya amayi ena ikugwedera, maso ali kwa abusa, mawu osatuluka. Adona anachotsa dzanja paphewa panga nayamba kuwongola chitenje chawo. A bwana anatsokomola. Ndinaponya mzere wachiwiri.

Yankho linachokera pakhomo la khitchini. Linali besi lokhuthala, losasalala, mawu ake opotoka, theka kung'ung'udza chabe. Munthu wanga anali ataima pamenepo ndi ketulo m'manja, ovolosi ili ndi girisi m'maondo. Chichewa sankachidziwa kupatula moni ndi zikomo. Nyimboyo anaitola pakhitchini Loweruka ndi Loweruka ine ndikutsuka mbale, ndipo sindinkadziwa nkomwe kuti ankasunga. Sanayang'ane abusa, sankadziwa kuti pali woti amuyang'ane. Ndinaponya mzere, iye analandira. Tinaimba ndime zonse awiriwiri, pakati pa Amalawi odzaza nyumba atatseka pakamwa. Itatha, anayamba kuthira tiyi m'makapu, kuyambira kwa abusa.

Anamwa tiyiyo. Ndi buledi yemwe anadya.

Potsazika anandanda kundigwira chanza, aliyense ndi pepani wake wa maliro. Adona anatsalira kumbuyo. Anawerama, nandinong'oneza, maso akuloza kukhitchini, "Ndiye a bwana aja ndi amenewa?"

"Ayi mayi," ndinatero mokweza kuti apakhonde amve. "Abwana ndi amene mwabwera nawowa. Uyu ndi munthu amene waimbira mayi anga."

M'mawa mwake anandiperekeza kubwalo la ndege. Kumudzi amayi a mpingo anaimba mpaka mawu kusasa, ndipo palibe anandifunsa za ankhoswe. Nditabwerera ku Nairobi sindinapondenso ku Runda. Ndinapempha kusamukira ku ofesi ina, ndinamaliza maphunziro anga, ndipo pa mayeso ndinalemba za buku lija mokalipa kwambiri moti aphunzitsi anandifunsa ngati wolembayo anandilakwira pandekha. Sindinafe m'mutu womaliza. Ndinakhala ku Rongai zaka zina zambiri, kiyi ali wanga, munthu wanga akubwera Loweruka ndi nyama yake m'pepala.

Koma zaka zonsezo sindinamvenso gulu likundiyankha m'Chichewa, ndipo chimenecho ndinachilira kwambiri. Mpaka lero ndikamaimba nyimbo ya mayi ija potsuka mbale, ndikafika pamalo pa oyankha ndimaima pang'ono. Ndimaona nkhope zawo zonse, mmodzimmodzi, milomo ili yotseka, makapu a tiyi wanga ali m'manja.